Kutchaja foni pakati pa nyanja ya mchere

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaulendo. Lero tikwera sitima yapamadzi, koma osati ya pa nyanja yathu ino. Tikunena zisitima zikuluzikulu zoyenda pa nyanja ya mchere, zimene anthu amakwera pofuna kukapuma ndi kuona maiko, n'kumagona momwemo masiku atatu, sabata, ena mpaka mwezi. Za chakudya ndi magule a m'menemo tidzakamba tsiku lina. Lero maso athu ali pa kanthu kakang'ono kamene kali pakhoma la chipinda chogona, kamene munthu amakafunafuna asanavule n'komwe nsapato: soketi ya magetsi.

Wina afunsa kuti, nanga ife zimenezi zikutikhudza pati? Zikutikhudza ndithu. Nyengo yotentha ikafika, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Marichi kapena Epulo, kampani ya MSC Cruises imatumiza sitima ku South Africa. Sitimayo imanyamula anthu pa doko la Durban ndi la Cape Town kupita nawo ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique, maulendo ena mpaka ku Mauritius kapena ku Walvis Bay. Abale athu okhala ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town ena amakwera nawo. Amene ali ku Britain amakwerera pa doko la Southampton. Komanso alipo achinyamata a m'maiko a kuno kum'mwera kwa Africa amene amakagwira ntchito m'sitimazi, kuphika, kuperekera zakudya, kukonza zipinda, ndipo iwo amakhala m'menemo miyezi yambiri. Onsewa ali ndi foni m'thumba.

Kuti muone kukula kwake: Ilala yathu, imene inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, ndi yotalika mamita pafupifupi 52. Icon of the Seas, sitima ya kampani ya Royal Caribbean imene inayamba maulendo ake ku Miami mu Januwale 2024, ndi yotalika mamita pafupifupi 365. Ndiye kuti ma Ilala 7 atandondozana. Sitima yaikuluyi ikadzaza imanyamula alendo okwana 7,600, komanso antchito oposa 2,000.

Khamu lonseli limafuna kuwala, madzi, mphepo yozizira ndi chakudya chotentha, pamene kulibe nthambo yochokera kumtunda. Magetsi onse amapangidwa m'sitima momwemo. Pansi penipeni pali injini zikuluzikulu, zambiri za dizilo, zina zatsopano za gasi, zimene zimazunguza majenereta. M'sitima zazikulu majeneretawo amatulutsa ma volts 6,600 kapena 11,000. Gawo lalikulu la mphamvuyo limapita ku mamota oyendetsa sitimayo. Yotsalayo imadutsa m'mathiransifoma, n'kutsika kufika pa ma volts 440 oyendetsera mapampu ndi makina akuluakulu, n'kutsikanso mpaka kufika pa soketi ya m'chipinda mwanu.

Majeneretawo akaima, zonse zimaima. Mu Febuluwale 2013 m'chipinda cha injini cha sitima ya Carnival Triumph munabuka moto pa nyanja ya Gulf of Mexico. Motowo anauzimitsa, koma magetsi anathima. Zoziziritsa mpweya zinaima, zimbudzi zambiri zinaleka kugwira ntchito, ndipo anthu oposa 4,000 anavutika masiku 4 mpaka sitimayo itakokedwa kukafika ku Mobile m'chigawo cha Alabama. N'chifukwa chake amisiri a m'sitima salola masewera pa nkhani ya magetsi, ngakhale pa kasoketi ka m'chipinda.

Tsopano tilowe m'chipindamo. Mwatsegula chitseko ndi kakhadi kanu. M'sitima zina, pafupi ndi chitseko pali kampata kolowetsamo khadilo, ndipo mukapanda kulowetsa, nyali siziyaka. Mukatuluka n'kulichotsa, nyali zimathima, ndipo m'zipinda zina masoketi nawonso amafa. Ambiri amasiya foni pa tchaja, kupita kukadya, kubwera n'kupeza batire lili pomwe analisiya. Yesani tsiku loyamba lomwelo: lumikizani foni, chotsani khadi, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri, muone ngati ikupitiriza kutchaja.

Masoketiwo kawirikawiri amakhala pa kathebulo ka pagalasi, osati kumutu kwa bedi. M'sitima zakale mutha kupeza awiri kapena atatu okha chipinda chonse, chifukwa zinamangidwa nthawi imene munthu sankayenda ndi foni, laputopu, wotchi yotchaja ndi timahedifoni. Zatsopano zili ndi ochulukirapo, ndiponso timabowo ta USB pafupi ndi bedi.

Mukayang'anitsitsa muona kuti masoketiwo ndi a mitundu iwiri. Wina uli ndi timabowo tiwiri tozungulira. Umenewo ndi wa ku Europe, ndipo umatulutsa ma volts 220 mpaka 230. Winawo uli ndi timipata tiwiri tating'ono toimirira, ndi kabowo kachitatu kozungulira. Umenewo ndi wa ku America, wa ma volts 110 mpaka 120. Pulagi yathu ya miyendo itatu yamakona, imene timagwiritsa ntchito ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, silowa pena paliponse pa mitundu iwiriyi. Imalowa m'sitima zimene zimanyamula kwambiri anthu a ku Britain, monga za P&O Cruises ndi Cunard, chifukwa pulagiyo ndi ya kwawo.

Ndiye taganizirani munthu wochokera ku Lilongwe amene akukakwera sitima ku Durban. Kunyumba pulagi yake ndi ya miyendo itatu yamakona. Akagona usiku umodzi ku South Africa apeza soketi ya miyendo itatu ikuluikulu yozungulira. Akalowa m'sitima apeza ya ku Europe ndi ya ku America. Ulendo umodzi, masoketi a mitundu 4. Koma pali mwayi wina umene ambiri sauzindikira. Matchaja a miyendo iwiri yozungulira aja, amene kuno timachita kutokosa kabowo ka pamwamba ndi kamtengo kapena chivindikiro cha cholembera kuti alowe, m'soketi ya ku Europe amalowa mosavuta, chifukwa ndiko kwawo. A miyendo iwiri yaphwatalala nawonso amalowa m'soketi ya ku America. Ndipo poti tanena, khalidwe lotokosa soketi lija n'loopsa ngakhale kunyumba. M'sitima musayerekeze n'komwe.

Ngati tchaja yanu ndi ya miyendo itatu, mufunika adaputa. Apa ndipemphe kuti mumvetsere bwino, chifukwa zipangizo zambiri zimapsera pomwepa. Adaputa imangosintha maonekedwe a pulagi. Sisintha mphamvu ya magetsi. Akalowa ma volts 230, otuluka ndi 230 omwewo.

Tengani tchaja ya foni yanu pompano, ngati ili pafupi, muitembenuze. Pali timalemba ting'onoting'ono, mwina mufunika kuyandikira pawindo kuti muone. Funani pamene palembedwa kuti Input. Ngati patsogolo pake pali 100–240V ndi 50/60Hz, tchajayo itha kugwira ntchito pa soketi iliyonse mwa iwiri ija. Matchaja ambiri a mafoni, a malaputopu ndi a makamera ndi otero. Ngati palembedwa 220–240V basi, chipangizocho ndi cha soketi ya ku Europe yokha. Mukachilowetsa pa ya ku America sichipsa, koma chifooka. Chipangizo chotenthetsa cha ma volts 230 chikalandira 110 chimatulutsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 4 a kutentha kwake. Choopsa ndi chimene palembedwa 110–120V basi, monga chowongolera tsitsi chimene wachibale anakutumizirani kuchokera ku America. Chimenecho mukachilowetsa pa 230 kudzera pa adaputa, mumva fungo la pulasitiki nthawi yomweyo, ndipo mwina mudzutsa alamu ya utsi.

Manambala enawo, 50 ndi 60, ndi a liwiro limene magetsi amasinthira mbali pa sekondi imodzi. A ESCOM amatipatsa 50. Sitima zambiri zimayendera 60, ngakhale pa soketi ya ku Europe ija. Tchaja ya foni sizindikira kusiyanako. Koma wotchi yapakhoma kapena ya pambali pa bedi imene imawerengera nthawi pa liwiro la magetsi, ngati inapangidwira 50, imathamanga ndi mphindi 12 pa ola lililonse. Isiyeni kunyumba.

M'bafa muli kasoketi kena kamene kamakhala pafupi ndi galasi, kolembedwa kuti n'ka makina ometera ndevu okha. Mawuwo si okongoletsa. Kuseri kwake kuli kathiransifoma kakang'ono kongokwanira ma watts pafupifupi 20. Choumitsira tsitsi chimadya ma watts oposa 1,000. Musachilowetse pamenepo. Zipinda zambiri zimakhala ndi choumitsira tsitsi chake, m'dirowa ya pa kathebulo kaja.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya zaulendo, ndipo lero tili m'chipinda chogona cha sitima yoyenda pa nyanja ya mchere. Tafika pa nkhani imene ndikufuna tikhalitsepo, nkhani ya ekisitenshoni.

Munthu wanzeru akamva kuti masoketi ndi ochepa, amaganiza zonyamula ekisitenshoni. Ndipo munthu wa kuno, amene anaonapo wailesi yakanema ikupsa magetsi atabwera mwamphamvu, sanyamula ekisitenshoni wamba. Amasankha yodula ija, yoteteza zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi, yolembedwa kuti surge protector. Kunyumba kumeneko n'kuchita bwino. M'sitima ndi chinthu choyamba chimene amalanda.

Zimachitika chonchi. Pa doko mumapereka sutikesi yanu, imadutsa pa makina ounikira, ndipo antchito amaibweretsa pakhomo la chipinda chanu. Madzulo akwana, anzanu onse alandira zawo, inu ayi. Kenaka mumalandira uthenga woti mutsikire kwa achitetezo. Kumeneko mupeza sutikesi yanu ili pa mzere ndi zina, ndipo wachitetezo akuti, "Mayi, tsegulani chikwamachi tione." Atulutsa ekisitenshoni ija, aitembenuza, awerenga kumbuyo kwake, amatapo kapepala ka nambala ya chipinda chanu. "Iyi tikusungirani, mudzatenga tsiku lotsika." Inu mukuti, "Koma bambo, imeneyi ndi yoteteza moto." Iwo angomwetulira, chifukwa mawu amenewo amawamva ulendo uliwonse.

Chifukwa chake chili m'mene mawaya a m'sitima analumikizidwira. M'nyumba mwanu, pa mawaya atatu a m'soketi, mmodzi yekha ndiye wamoto. Wachiwiri ndi wobwezera, ndipo ameneyu analumikizidwa ku nthaka. Wachitatu ndi wachitetezo, nayenso amapita ku nthaka. Waya wamoto akakhudza chitsulo cha chipangizo, magetsi amathamangira ku nthaka mwamphamvu, fiyuzi n'kupsa kapena switchi ya pa bokosi n'kugwa. Nyumba ichita mdima, koma palibe wafa.

Pa nyanja mdima woterowo ungaphe anthu. Tangoganizani sitima ikulowa pa doko lopapatiza, kenaka pampu yokhotetsera sitima yazima chifukwa waya wina wanyowa penapake. Pofuna kupewa zimenezo, m'sitima zambiri amisiri salumikiza waya wobwezera ku chitsulo cha sitimayo. Waya mmodzi akakhudza chitsulo, palibe chimene chimazima. Kumangolira alamu m'chipinda cha mainjiniya, iwo n'kuyamba kufufuza pamene pavuta, ntchito zonse zikupitirira.

Zotsatira zake n'zakuti pa soketi yotero mawaya onse awiri ndi amoto. Pa soketi ya ma volts 120, waya aliyense amakhala ndi pafupifupi theka la mphamvuyo poyerekeza ndi chitsulo cha sitima. Ekisitenshoni yanu inapangidwira nyumba. Switchi yake ndi kachitetezo kake zimadula waya mmodzi yekha, uja amene kumtunda ndiye wamoto. Mukazimitsa, kagetsi kofiira kathima, inu n'kumati zatha, pamene waya winayo akadali wamoyo m'kati.

Vuto lachiwiri lili pa kachipangizo koteteza kaja. M'kati mwa surge protector muli kanthu kozungulira, kaphwatalala, kamene ntchito yake ndi kutsegula njira magetsi akapyola mlingo, kuti opyolawo athawire pa waya wachitetezo. Kanapangidwa kuti kazigwira ntchito kamphindi kochepa chabe. Koma m'sitima, waya akakhudza chitsulo m'chipinda china, ngakhale chakutali ndi chanu, mphamvu ya pa waya winayo imakwera poyerekeza ndi chitsulocho, ndipo imatha kukhala yokwera choncho mpaka mainjiniya atapeza vutolo. Kachipangizo kaja kamayamba kudutsitsa magetsi mosalekeza, kutentha, kusungunula pulasitiki. Inu muli kukadya, kapena muli m'tulo.

Izi si zongoopseza. Mu 2013 a US Coast Guard, amene amayang'anira chitetezo cha pa nyanja ku America, anatulutsa chenjezo lapadera pa zipangizo zimenezi, atafufuza moto umene unabuka kawiri m'zipinda zogona za sitima ina yonyamula makontena. Anachenjeza kuti zambiri zogulitsidwa m'masitolo zinapangidwira magetsi a kumtunda, ndipo m'sitima zitha kuyambitsa moto umene zinayenera kuletsa.

Mungaidziwe bwanji? Werengani pa chikutiro ndi kumbuyo kwake. Mukaona mawu oti surge, kapena nambala yotsatiridwa ndi mawu oti joules, kapena kagetsi kolembedwa kuti protected, imeneyo itsale. Chenjeraninso ndi ma adaputa a maiko onse aja, chifukwa ena ali nako kachipangizoka m'kati.

Nanga ekisitenshoni wamba, yopanda choteteza? Apa makampani amasiyana. Carnival yakhala ikulola, bola ikhale yabwinobwino. Royal Caribbean imakaniza ekisitenshoni iliyonse, ndipo mu 2024 inawonjezera pa mndandanda wa zoletsedwa timabokosi tochulukitsa masoketi tija. Malamulowa amasintha, choncho werengani mndandanda wa kampani yanu sabata yonyamuka, osadalira zimene anakuuzani mnzanu amene anakwera zaka zitatu zapitazo. Ine ndinganene kuti ekisitenshoni isiyeni ndithu. Gulani tchaja imodzi yabwino ya timabowo ta USB tinayi kapena tisanu, ya 100–240V. Imatenga soketi imodzi, imatchaja mafoni a banja lonse, ndipo makampani ambiri alibe nayo vuto. Onjezani kachingwe ka USB kotalika mamita awiri kuti foni ifike pa bedi. Adaputa tengani ziwiri, ya ku Europe ndi ya ku America, kuti masoketi onse akhale anu. Sankhani zing'onozing'ono, chifukwa yaikulu imaphimba soketi yoyandikana nayo.

[NYIMBO YAIFUPI]

WOULUTSA: Pa mzere wa achitetezo uja, pambali pa maekisitenshoni, mupezanso maayironi ndi maketulo. Tikudziwa, enafe sitingapite pagulu ndi malaya amakwinya, ndipo tsiku silingayambe popanda tiyi. Koma chilichonse chotenthetsa, ayironi, ketulo, kambaula ka magetsi, ngakhale kandulo, n'choletsedwa pafupifupi m'sitima zonse. Werengani nokha: tchaja ya foni imadya ma watts apakati pa 5 ndi 25, laputopu apakati pa 45 ndi 90, ketulo 2,000 kapena kuposa. Ketulo imodzi ikufanana ndi mafoni 100. Komanso sitima imagwedezeka. Ayironi yoimika pa thebulo imagwera pa kapeti mafunde akakula.

Tiyi ndi khofi zimapezeka kumalo odyera, ndipo m'sitima za P&O Cruises muli maketulo m'zipinda, amene kampaniyo inasankha yokha ndipo amisiri ake amawayendera. Zovala mutha kupereka kwa ochapa, ndipo sitima zina zili ndi chipinda chochapira chimene muli ayironi yoti aliyense asitire.

Moto wa pa nyanja ulibe galimoto yozimitsa moto yobwera kuchokera kwina. Ozimitsa ndi antchito a m'sitima omwewo, ndipo pothawira ndi pa madzi. Usiku wa pa 23 Marichi 2006, sitima ya Star Princess ili pa ulendo wochokera ku Grand Cayman kupita ku Jamaica, moto unayamba pa khonde la chipinda china. Ofufuza anapeza kuti mwachidziwikire unayamba ndi ndudu yotayidwa isanazime. Unafalikira m'makonde a nsanjika zingapo, zipinda zambiri zinapsa, ndipo munthu mmodzi anamwalira. Sunali moto wa magetsi, koma unayamba ndi kanthu kakang'ono ka mlendo mmodzi. N'chifukwa chake musanyozere maphunziro a chitetezo amene amachitika tsiku lokwera. Chiyambire 2015, ngozi ya Costa Concordia ya mu 2012 itapha anthu 32, malamulo a pa nyanja amafuna kuti maphunzirowo achitike sitima isananyamuke kapena itangonyamuka kumene.

Chotsala ndi batire lenilenilo. Mafoni, malaputopu ndi ma power bank ali ndi mabatire a lithium, amene akaphwanyika, akatenthedwa kapena akatchajidwa ndi tchaja yachinyengo amatha kudzitenthetsa okha mpaka kuyaka, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Mukukumbuka kuti mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 chifukwa cha vuto la mabatire. Choncho foni musatchajire pansi pa pilo kapena pa bulangete. Iikeni pa thebulo, pamalo olimba, pomwe mpweya ukudutsa. Batire lotupa, limene lakankha chivindikiro cha foni, lisakwere nanu sitima. Tchaja yotsika mtengo kwambiri, yopepuka, imene imatentha moti simungaigwire, nayonso itsale. Ndipo potuluka m'chipinda zulani zonse. Mukabwera n'kupeza wokonza chipinda wazula tchaja yanu, musamukalipire. M'sitima zambiri amauzidwa kutero.

Power bank ndi yothandiza kwambiri tsiku limene mwatsika kukayenda pa chilumba, kumene mujambula zithunzi tsiku lonse popanda soketi. Koma ngati mukupita ku doko pa ndege, iyenera kukhala m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Malire ake ndi ma watt-hour 100 popanda chilolezo chapadera. Yolembedwa 20,000 mAh ili ndi pafupifupi 74, ndiye ilibe vuto. Yoposa 27,000 mAh yapyola malire, funsani kaye a kampani ya ndege. Ngati malemba ake anafufutika, pa bwalo la ndege atha kuikana.

Mudzaonanso kuti pa nyanja foni imatha moto msanga. Makoma a chipinda ndi achitsulo, nsanja za netiweki zili kutali, ndipo foni imalimbikira kufunafuna, batire n'kumatsika. Ikapeza netiweki, kawirikawiri imakhala ya sitima yomweyo yodzera pa setilaiti, imene mtengo wake ndi wokwera zedi, moti mayunitsi amatha musanaimbe n'komwe. Sitima ikangochoka pa doko ikani foni pa flight mode, kenaka muyatse Wi-Fi yokha ngati mukuifuna. Onaninso nthawi. Foni itha kusintha ola yokha ikagwira netiweki ya dziko lina, pamene sitima imanyamuka potsata nthawi yake. Amene wachedwa kubwerera amaiona ikupita ali pa doko.

Mawu apadera kwa amene amagona ndi makina othandiza kupuma, aja otchedwa CPAP, kapena amene amayenda ndi njinga ya olumala yoyendera batire. Inu ekisitenshoni mukuifunadi, poti soketi ili kutali ndi bedi. Uzani kampani pogula tikiti, kapena milungu ingapo musananyamuke. Ambiri amakupatsani ekisitenshoni yawo yovomerezeka. Makinawo muwanyamule m'manja pokwera, chifukwa masutikesi amatha kufika madzulo. Amene mumabaya insulin, dziwani kuti kafiriji ka m'chipinda kamangoziziritsa zakumwa pang'ono, ndipo sikodalirika pa mankhwala. Funsani ku chipatala cha m'sitima kapena wokonza chipinda kuti akusungireni pabwino.

Kwa inu achinyamata amene mwapeza ntchito m'sitima, malamulowa kwa inu ndi okhwima kuposa kwa alendo. Zipinda za antchito zimayenderedwa kawirikawiri, ndipo ketulo kapena kambaula kobisa pansi pa bedi kangakuchotsetseni ntchito imene munaivutikira.

Ndipo tsiku lina mukadzamva fungo la pulasitiki yopsa m'chipinda, kapena soketi ikuthetheka, kapena foni yatentha modabwitsa n'kuyamba kutupa, zulani pulagi ngati mungathe kutero osapsa. Musathire madzi pa soketi. Musabise poopa kulipitsidwa. Imbani nambala yangozi imene inalembedwa pa telefoni ya m'chipindamo, tulukani, mutseke chitseko, chifukwa chinapangidwa kuti chizitchinga utsi ndi moto. Nambalayo muiwerenge tsiku lokwera, musanatsegule sutikesi.

Nthawi yatithera, omvera athu. Amene muli ndi mafunso pa za ulendo wa pa nyanja, tilembereni, tidzayankha m'pulogalamu ikubwerayi. Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

[NYIMBO YOTSEKERA]